Kodi DNA ya atombolombo ingatiuze kumene amachokera ndi mmene malo awo asinthira kuno ku Chipata?

Mphunzitsi wa ku Kapata

Ndikupatsani moni nonse. Ine ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo pa sukulu ina ya sekondale muno mu Chipata, ndipo ndili ndi mafunso awiri okhudza atombolombo amene ndikupempha odziwa kuti andithandize ndisanawafikitse kwa ophunzira anga.

Loyamba likukhudza atombolombo achikasu amene amabwera mwaunyinji mvula ikayandikira, makamaka mu Novembala. Amadzaza m'mwamba pa mabwalo a mpira ndi pa minda yongogaulidwa kumene, amazungulira ngakhale pa magalimoto oimikidwa m'tauni, ndipo satera kawirikawiri monga amachitira anzawo a m'mbali mwa madzi. Ndinawerenga kuti ofufuza anayeza DNA (chibadwa chimene mwana amatengera kwa makolo) ya mtundu umenewu m'maiko otalikirana kwambiri napeza kuti siisiyana kwenikweni, ndiponso kuti ena mwa iwo amawoloka nyanja yamchere kuchokera ku India kudzafika kuno ku Africa. Chimene chikundivuta ndi mmene mfundo ziwirizi zimalumikizirana. Kodi kufanana kwa DNA pakokha ndi umboni wakuti kachilombo kameneka kanayendadi ulendo wotero? Nanga amene timawaona m'makomboni athu a Kapata ndi Mchini tinganene kuti anabadwira ku India?

Lachiwiri ndi la kuno kwathu. Akuluakulu ena amene anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa amanena kuti kale kunali atombolombo amitundumitundu, ena obiriwira monyezimira okonda mthunzi wa mitengo, koma masiku ano amene amaoneka kwambiri ndi ofiira a padzuwa. Tikumvanso kuti ku Ulaya mitundu ina ya ku Africa ikufalikira chakumpoto chifukwa cha kutentha kwa dziko. Kodi kafukufuku wa chibadwa angathe kuonetsa kuti dera lokhala mtundu wina lakula kapena lachepa, ndipo angasiyanitse kusintha kobwera ndi nyengo ndi kusintha kobwera ndi zochita zathu m'mphepete mwa mtsinje? Sindikufuna kuuza ana nkhani yokoma m'khutu koma yopanda maziko.

Naphiri

Aphunzitsi, tombolombo amene mwamufotokozayo asayansi amamutcha Pantala flavescens. Mungamuzindikire ndi mapiko ake akumbuyo, amene ndi otambalala kwambiri chakufupi ndi thupi, ndipo ndi mapiko amenewa amatha kuyandama m'mphepo nthawi yaitali osakupiza kwambiri. Za magalimoto zija n'zoona. Chitsulo chonyezimira iye amachiyesa madzi, ndipo mukaima pafupi mudzaona wamkazi akutsika n'kugunditsa nsonga ya mchira wake pa boneti mobwerezabwereza, kutaya mazira pamalo pamene sadzaswa.

Kafukufuku amene munawerengayo anatuluka mu 2016, ndipo anachitidwa ndi Daniel Troast ndi Jessica Ware a pa yunivesite ya Rutgers ku America pamodzi ndi anzawo. Anayerekeza atombolombo ochokera ku Texas, kum'mawa kwa Canada, Japan, Korea, India ndi South America poyang'ana kachigawo ka DNA kotchedwa CO1, kamene kamakhala m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria ndipo mwana amakatengera kwa mayi yekha. Maganizo ake ndi osavuta. DNA ikamakopedwa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, nthawi zina pamalowa kusintha kwakung'ono, ndipo gulu limene lakhala palokha mibadwo yambiri limaunjika kusintha kwakekwake kumene magulu ena alibe. Zili ngati midzi iwiri: ngati anthu ake amakwatirana chaka ndi chaka, mafuko amene mupeza uku mudzawapezanso uko, koma ngati pakati pawo pali mtsinje wosawolokeka, pakapita nthawi mudzi uliwonse umakhala ndi mafuko akeake. Ofufuzawo sanapeze malire otere pakati pa makontinenti, choncho anati mtunduwu umasakanikirana ngati gulu limodzi pa dziko lonse.

Koma funso lanu lagunda penipeni, chifukwa umboni umenewu uli ndi polekezera. Kufanana kwa DNA kumaonetsa kuti magulu akhala akuberekana pa mibadwo yambiri. Sikunena kuti tombolombo mmodzi anauluka kuchoka apa kufika apo, sikunena kuti ulendo unalowera kuti, ndipo sikutchula chaka. Komanso kachigawo kamodzi kochokera kwa mayi yekha ndi zenera laling'ono, popeza mtundu umene unafalikira mofulumira posachedwapa ukhozanso kuoneka wofanana paliponse ngakhale magulu ake atayamba kale kupatukana.

Nkhani ya ku India inachokera ku umboni wina. Charles Anderson, katswiri wa zamoyo za m'nyanja wokhala ku zilumba za Maldives, m'nyanja ya pakati pa India ndi Africa, analemba mu 2009 kuti atombolombo ameneŵa amafika pa zilumbazo mwaunyinji kuyambira mu Okutobala, pamene zilumbazo zilibe madzi abwino apamtunda okwanira kuti aswerane. Potsata masiku amene amayamba kuoneka, anapeza kuti amayambira kumwera kwa India, kenako Maldives, kenako Seychelles mu Novembala, zimene zikugwirizana ndi kayendedwe ka mphepo zam'mwamba zotsata mvula. Anayerekeza kuti kuwoloka nyanjako ndi makilomita pafupifupi 3,500, ndipo ulendo wonse wopita ndi kubwerera ndi makilomita 14,000 mpaka 18,000, wogawidwa pa mibadwo inayi. Mu 2012 Keith Hobson ndi anzake anayeza haidrojeni wa m'mapiko a atombolombo ogwidwa ku Maldives. Madzi a mvula ya madera osiyana amasiyana pang'ono kulemera kwa haidrojeni wake, ndipo chizindikiro chimenechi chimatsalira m'mapiko kuyambira pamene kachilomboka kanali m'madzi. Mapikowo analoza kumpoto kwa dera la India. Mbalame zonga kabawi zotchedwa Amur falcon, zimene timaziona kuno m'dzinja zitandanda pa mawaya a magetsi, zimawolokanso nyanja yomweyo pa nyengo yofanana.

Tsono za amene mumawaona pa Kapata, ine sindingawauze ana kuti anabadwira ku India. Mtunduwu umaswana m'madzi osakhalitsa, ndipo mwana wake amatha kukula n'kutuluka m'madzi pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi okha, chithaphwi chisanaphwe ndiponso nsomba zisanalowemo. Maenje oumbira njerwa, ngalande za m'mbali mwa msewu ndi zithaphwi za kudambo ndi malo ake enieni. Amene afika ndi mvula yoyamba achokera kwina ndithu, chifukwa m'chilimwe zithaphwi zotere kuno kulibe, koma kwinako kukhoza kukhala chakumpoto kwathu muno mu Africa kumene mvula inayamba kale. Amene mudzawaone mu Januwale ambiri adzakhala obadwira m'maenje a mu Chipata momwemo. Choona chimene mungaphunzitse mosakayika n'chakuti onsewa ali pa ubale wapafupi ndi a ku India, ndipo njira yodziwira kumene mmodzi anabadwira ndi ya m'mapiko ija, osati ya CO1.

Bambo Sakala a ku Malambo

Mayi Naphiri mwafotokoza bwino, ndipo ine ndingowonjezapo zimene timaona kuno kuchigwa, popeza ntchito yanga ndi yoperekeza alendo oona nyama cha ku Mfuwe. Pa funso lachiwiri ndikupempha aphunzitsi kuti asafulumire kudalira chikumbukiro cha anthu, ngakhale cha akuluakulu amene timawalemekeza. Chiwerengero cha atombolombo chimasintha kwambiri chaka ndi chaka. Mu chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse kumapeto kwa Febuluwale, maiwe ambiri otsalira m'mbali mwa Luangwa anaphwa msanga, ndipo amene akanabwera chaka chimenecho chokha akanapita akunena kuti atombolombo atha. Madzi akabwerera, nawonso amabwerera.

Alipo mmodzi amene sasowa. Ndi wamng'ono, wakuda, wokhala ndi mzere wakuda pa phiko lililonse, ndipo amauluka chapansipansi m'mbali mwa dziwe akutsata mapazi a munthu kapena a njati kuti agwire tizilombo todzidzimuka m'maudzu. Mukaima nayenso amatera pa dothi patsogolo panu, mukayenda amanyamuka. Ndamuonanso pa damu la Lutembwe ndikabwera ku Chipata.

Funso langa kwa odziwa ndi ili. Ku Ulaya akuti mitundu ikupita kumpoto, koma ife kuno kusiyana kwa kutentha kuli pakati pa chigwa ndi mtunda. Chipata ali pa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja, pamene Mfuwe ali pafupifupi theka la pamenepo, ndipo aliyense amene anatsikako mu Okutobala akudziwa mmene kumawotchera. Kodi sikoyenera kuti ife tiziyang'ana ngati mitundu ya kuchigwa ikukwera kumtunda, m'malo moyang'ana kumpoto?

Tembo

Bambo Sakala, maganizo anuwo ndi olondola, ndipo ndibwererako. Ndiyambe ndi za ku Ulaya, chifukwa kumeneko n'kumene kuli umboni wochuluka, ndipo chifukwa chake chikutikhudza. Rachael Hickling ndi anzake anaonetsa mu 2005 kuti mwa mitundu 37 ya atombolombo a ku Britain, pafupifupi yonse inasunthira malire ake chakumpoto, pa avereji makilomita 74, pakati pa zaka za 1960 mpaka 1970 ndi zaka za 1985 mpaka 1995. Trithemis annulata, wofiirira amene amatera pa timitengo m'mbali mwa madamu athu, anayamba kuoneka ku Spain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo anafika ku France mu 1994. Trithemis kirbyi, wofiira wokonda kutera pa miyala yotentha, analembedwa ku Spain mu 2007. Crocothemis erythraea anaoneka ku Britain mu 1995, ndipo Pantala flavescens yemweyu anaswana ku Germany mu 2019. Muone kuti pa zonsezi palibe chimene chinadziwika ndi DNA. Zinadziwika chifukwa anthu wamba okonda zachilengedwe akhala akulemba dzina, malo ndi tsiku kwa zaka zambiri, kotero kuti mtundu watsopano ukafika pali kaundula woyerekezera.

DNA imalowa pambuyo pake kudzafotokoza mmene kusunthako kunachitikira. Dera latsopano limayambitsidwa ndi ochepa, ndipo ochepawo amanyamula gawo chabe la chibadwa cha gulu lalikulu, choncho kumalire atsopano kusiyanasiyana kwa DNA kumakhala kochepa poyerekeza ndi kumene mtunduwo wakhala kuyambira kale. Ofufuza a ku Belgium anapeza zimenezi mwa Coenagrion scitulum, mmodzi wa atombolombo ang'onoang'ono oonda amene amapinda mapiko akatera, ndipo anapezanso kuti a kumalire ali ndi minofu youlukira yokulirapo. Ku Spain, Ischnura elegans atafalikira m'dera la mbale wake Ischnura graellsii, awiriwo anayamba kuberekana, ndipo ana osakanikiranawo amadziwika bwino ndi DNA kusiyana ndi maso. Choncho yankho kwa aphunzitsi ndi lakuti chibadwa chimasunga mapazi a kufalikira ndi a kuchepa, koma sichitchula choyambitsa. Gulu limene lachepa chifukwa cha kutentha ndi gulu limene lachepa chifukwa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inadulidwa zikhoza kuoneka chimodzimodzi mu labotale.

Ndikufuna kunenanso kuti Pantala, ngakhale nkhani yake ndi yosangalatsa, ndiye mtundu wosathandiza kwenikweni pa funso lachiwirili, chifukwa wopezeka paliponse alibe malire oti tiwayeze. Ofunika kuwayang'ana ndi okhazikika. Ku chigwa cha mtsinje wa Itchen kumwera kwa England, Coenagrion mercuriale ambiri sasuntha ngakhale mamita 100 pa moyo wawo wonse, ndipo Phillip Watts ndi anzake anapeza kusiyana kwa DNA pakati pa magulu otalikirana makilomita ochepa chabe. Kuno pafupi, Oreocnemis phoenix amapezeka pa phiri la Mulanje lokha ku Malawi, ndipo kukatentha alibe kokwerera. Obiriwira a mumthunzi amene akuluakulu akuwakumbukira angathe kukhala Phaon iridipennis, amene amafuna mtsinje wokhala ndi mitengo m'mbali. Madimba akafika pamadzi penipeni, mchenga ukakumbidwa ndipo matope akakwirira miyala ya pansi, mitundu yotere imachoka, ndipo ofiira a padzuwa, amene damu lililonse ndi dziwe lililonse zimawakwanira, amatenga malo. Pa mtsinje wodutsa m'tauni ine ndingayambe kukayikira zimenezi ndisanafike pa kusintha kwa nyengo. Bungwe la pa dziko lonse loona za kasamalidwe ka chilengedwe la IUCN litaunika mitundu 6,016 mu 2021 linapeza kuti 16 mwa 100 iliyonse ili pa chiopsezo, ndipo choyambitsa chachikulu chimene linatchula ndi kuwonongeka kwa madambo ndi mitsinje.

Pali vuto linanso limene DNA yatithandiza kuliona, ndilo lakuti maina amene tinali nawo ankaphimba mitundu yoposa umodzi. Mu 2009 Sandra Damm ndi Heike Hadrys anapeza kuti ena mwa amene ankatchedwa Trithemis stictica m'dera la Okavango ndi kumtunda kwa Zambezi ndi mitundu iwiri yapayokha, imene anaitcha Trithemis morrisoni ndi Trithemis palustris. Chaka chomwecho wotsata mapazi uja wa Bambo Sakala, Brachythemis leucosticta, anapezeka kuti ndi mitundu iwiri yofanana kwambiri, ngakhale pamenepa chinaulula ndi kuyang'anitsitsa maonekedwe a thupi. Mu 2015 Klaas-Douwe Dijkstra, Jens Kipping ndi Nicolas Mézière anafotokoza mitundu 60 yatsopano ya mu Africa pa nthawi imodzi, ina ya muno mu Zambia. Tanthauzo lake n'lakuti mndandanda wa atombolombo a Zimbabwe ndi Zambia umene Elliot Pinhey anatulutsa mu 1984, ngakhale ndi maziko amtengo wapatali, uyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa dzina la kale pa mapu likhoza kuimira mtundu wina lero.

Pa funso la Bambo Sakala, inde, m'madera otentha kukwera mtunda ndiko kumafanana ndi kupita kumpoto kwa ku Ulaya. Msewu wochoka ku Mfuwe kukafika ku Chipata ndi wa makilomita opitirira pang'ono 100, ndipo mitsinje yake, monga Lutembwe ndi Lupande, imatsikira ku Luangwa komweko, choncho njira yokwerera ilipo. Chinanso chokopa chidwi n'chakuti cha ku Mwami ndi ku Mchinji, m'malire a Zambia ndi Malawi, madzi amagawikana, ena kutsikira ku Luangwa ndi ena kulowa mu Bua kupita ku nyanja ya Malawi. Kuyerekeza DNA ya mtundu umodzi wa mumtsinje mbali ziwiri za mtunda umenewu lingakhale funso labwino kwa wophunzira wa ku yunivesite.

Mphunzitsi wa ku Kapata

Zikomo kwambiri Mayi Naphiri, Bambo Sakala ndi a Tembo. Ndamva kuti DNA imafotokoza ubale ndi mbiri ya gulu, pamene kusuntha kwa malire kumadziwika ndi kaundula wa zaka zambiri. Popeza sukulu yathu ilibe makina oyezera DNA, kodi kalabu ya sayansi ingachite chiyani chimene ofufuza angachigwiritse ntchito m'tsogolo? Ndikufunsanso ngati n'kololedwa kuti ana azigwira atombolombo ndi kuwasunga, chifukwa sindikufuna kuti chidwi chawo chisanduke kupha tizilombo mwachisawawa.

Naphiri

Aphunzitsi, kupha sikofunikira. Sankhani malo ochepa amene mungathe kubwererako mwezi uliwonse, mwachitsanzo chigawo cha mtsinje chimene chikadali ndi mitengo, china chimene madimba afika pamadzi, ndi dzenje limodzi la njerwa. Ana azijambula ndi foni tombolombo aliyense amene watera, cham'mbali ndi chapamwamba, nalemba tsiku ndi malo enieni. Zithunzizo mukaziika pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iNaturalist, odziwa amathandiza kutchula dzina ndipo zimalowa m'kaundula amene ofufuza amawerenga. Muzilembanso tsiku limene mwapita koma osapeza kanthu, chifukwa popanda zimenezo palibe angasiyanitse kusowa kwa mtundu ndi kusowa kwa woyang'ana.

Chinthu chachiwiri ndi makoko. Mwana wa tombolombo akakhwima amakwera pa bango kapena pa udzu, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, khungu lake limang'ambika pamsana, ndipo wamkulu amatuluka n'kusiya khoko louma likadagwira bangolo ndi miyendo yonse isanu ndi umodzi. Khoko limeneli ndi umboni woposa chithunzi, popeza wamkulu akhoza kungodutsa, koma khoko limatsimikizira kuti mtunduwo unaswana m'madzi amenewo. Ngati mtundu wa kuchigwa ukukweradi kumtunda monga akuganizira Bambo Sakala, makoko ndiwo adzaonetse kuti wakhazikika. Muzitola m'mawa mvula isanawakokolole, ndipo louma muliike m'kabotolo kapena m'kabokosi kosaphwanyika. M'khoko latsopano mumatsala tinyama tochepa timene ofufuza amatha kuchotsamo DNA, ndipo lotere limasungidwa mu ethanol (sipiriti woyera wa mu labotale) wa 95 peresenti kapena kuposerapo. Sipiriti wofiirira wa m'sitolo si woyenera chifukwa cha mankhwala amene amathiramo. Kapepala ka tsiku ndi malo mukalembe ndi pensulo n'kukaika m'botolo momwemo, chifukwa inki imasungunuka mu ethanol.

Za chilolezo, kujambula m'mbali mwa mtsinje wa m'tauni kulibe vuto, bola mwapempha eni madimba. Kutola chilichonse m'kati mwa malo osungirako nyama zakutchire a South Luangwa kumafuna chilolezo cha dipatimenti yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, ndipo kutumiza zitsanzo kunja kwa dziko kuti zikayezedwe kumatsata pangano la maiko la Nagoya la mu 2010, lokhudza kugwiritsa ntchito chibadwa cha zamoyo, choncho zimenezo muzidutsitse ku yunivesite kapena ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zachilengedwe, osati pa positi mwa inu nokha.